Ululu potulutsa umuna: mungayambire pati?

Mwamuna wa muno mu Blantyre akhoza kukuuzani za msana umene ukumuvuta, za BP, ngakhale za katapila amene akumusowetsa tulo. Koma zoti akafika pachimake pogonana amamva kuotcha kapena kulasa kunsi, zimenezo amangofa nazo mumtima. Amayamba kuchedwa dala pabalaza kuti mayi a kunyumba agone kaye. Mayi nawo amayamba kuganiza kuti bambo apeza wina, ndipo nkhani imene ikanatha ndi mankhwala a masiku ochepa imakathera kwa ankhoswe.

Akuluakulu mundikhululukire, ndilankhula mosapsatira mawu. Vutoli achipatala amalidziwa bwino, ndipo zambiri zimene zimaliyambitsa zimachizika. Chofunika ndi kudziwa poyambira.

1. Yambani mwasiyanitsa nyesi ndi ululu

Umuna ukangotuluka, mutu wa chida umachita nyesi. Kungokhudzidwa pang'ono, thupi lonse limadzidzimuka ndipo mumafuna kuti zonse ziime kaye. Ena amati kumanyerenyetsa mopitirira muyeso, ena amati kumayandikira kuwawa. Amenewa si matenda. Pamutupo pali mitsempha yambiri, ndipo pa nthawi imeneyo imakhala itadzuka kwambiri. Pakapita masekondi angapo, mwina mphindi imodzi kapena ziwiri, imakhazikika yokha. Kwa amuna ena nyesi imeneyi imakula kuposa anzawo, ndi chibadwa basi.

Chochita n'chapafupi: imani, musapitirize kusuntha, ndipo muwauze akazi anu kuti adikire pang'ono. Ngati mwavala kondomu, igwireni cha kutsinde n'kutuluka pang'onopang'ono chida chisanafooke. Musadzikakamize kubwereza nthawi yomweyo pofuna kuonetsa chamuna. Thupi limafuna kupuma, mnyamata kwa mphindi zingapo, bambo wachikulire kwa maola kapena tsiku lathunthu. Palinso kulemera kwa machende kumene kumabwera munthu akakhala ndi chilakolako nthawi yaitali umuna osatuluka. Kumeneko kumatha kokha, ndipo si chifukwa chokakamizira mkazi amene sakufuna.

Ululu umene ukufunika kuufufuza ndi wina. Ndi kuotcha m'njira ya mkodzo pamene umuna ukudutsa, kulasa pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi, kupotokola pachinena, kapena kuwawa kwa machende kumene kumatsala kwa mphindi zambiri kapena maola. Ngati zachitika kamodzi n'kutha, ingoyang'anirani. Zikabwerezabwereza, kapena mwayamba kuopa kugonana chifukwa cha zimenezi, pitirizani ndi masitepe otsatirawa.

2. Pezani pamene pakuwawa penipeni

Mbewu ya abambo imapangidwa m'machende n'kukwera kudzera m'timachubu tiwiri. Koma madzi ambiri a umuna amachokera m'timatumba tiwiri tili kuseri kwa chikhodzodzo, komanso ku prostate, kachiwalo kokula ngati suku kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mukafika pachimake, ziwalo zimenezi pamodzi ndi minofu ya pansi pa chiuno zimafinya mwamphamvu kangapo motsatizana. Ngati penapake panjirayi patupa, kufinyako ndiye kumawawa. N'chifukwa chake munthu amatha kugwira ntchito tsiku lonse bwinobwino, ululu n'kudzabwera pa nthawi imeneyo yokha.

Choncho dzifunseni mafunso awa, ndipo mayankho ake mulembe pafoni kapena pakapepala, chifukwa pamaso pa dokotala munthu amaiwala. Pakuwawa ndi pati, pakhungu, m'kati mwa chida, m'machende, kapena m'kati mwenimweni cha kunsi? Kumayamba umuna usanatuluke, ukutuluka, kapena utatuluka kale, ndipo kumakhala nthawi yaitali bwanji? Pokodza pamaotcha? Mumadzuka kangati usiku kukataya madzi? M'mawa, musanakodze, finyani pang'ono chida kuchokera kutsinde kupita kunsonga muone ngati kukutuluka mafinya kapena timadzi, ndipo muyang'anenso pakabudula wam'kati ngati pali madontho achikasu. Umuna wasintha mtundu, wafiira, wada ngati dzimbiri, kapena uli ndi timibulu? Ngati mumagwiritsa ntchito kondomu, ndi yabwino kuonerapo zimenezi musanaitaye.

Kuotcha m'njira ya mkodzo kophatikiza ndi mafinya kawirikawiri kumaloza ku matenda opatsirana pogonana. Kulasa kwa m'kati, kophatikiza ndi kukodza pafupipafupi, kumaloza ku prostate. Chende limodzi lotupa ndi lowawa kuseri kwake limaloza ku kachubu kosungira mbewu. Izi ndi zongokuthandizani kufotokoza bwino, wogamula ndi dokotala atakuyezani.

3. Zizindikiro zosadikira nazo mawa

Chende likayamba kuwawa kwambiri mwadzidzidzi, makamaka kwa mnyamata, mwina mpaka kusanza, thamangani kuchipatala usiku womwewo. Likhoza kukhala kuti lapotokoka ndipo magazi sakufika. Madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 kuti alipulumutse. Chimodzimodzinso ngati thupi latentha, mukunjenjemera ndipo kunsi kukuwawa, ngati mkodzo wakanika kutuluka, kapena ngati khungu la kunsonga mwalibweza kumbuyo ndipo lakanirira komweko mutu n'kutupa. Mutu weniweni nawonso: ngati pachimake mwamva mutu kuwawa mwadzidzidzi kuposa mmene unawawirapo chibadwire, imeneyo ndi nkhani ya ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumbali ya matenda adzidzidzi, osati ya Panado.

4. Kumbukirani madzi amene munasambamo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene amuna ambiri a m'tauni saganizako. Likodzo timalitenga ngati matenda a ana a kumudzi okodza magazi. Koma nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake sathera m'chikhodzodzo mokha. Amakanirira mu prostate ndi m'timatumba ta umuna tija, n'kutupitsa pamenepo. Zotsatira zake ndi kuwawa potulutsa umuna, magazi mu umuna, umuna wosintha mtundu kapena wamadzimadzi, ndi ululu wa m'chiuno wosatherapo. Ofufuza atayeza umuna wa asodzi a ku Mangochi anapezamo mazira a likodzo, ndipo mwa ena mkodzo sunaonetse kanthu.

Ndiye taganizani: ndi angati a ife tinakulira ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Phalombe kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa? Ndi angati timapita kunyanja pa Khirisimasi kapena pa Pasaka n'kulowa m'madzi a m'mphepete momwe muli bango ndi nkhono? Tizilomboti timalowa pakhungu, simuchita kumwa madziwo ayi, ndipo nyongolotsi zake zimakhala m'thupi zaka zingapo. Bambo wogwira ntchito mu ofesi ku Ginnery Corner akhoza kukhala ndi likodzo limene anatenga pa tchuthi cha zaka zapitazo, iye osadziwa.

Mukapita kuchipatala, nenani nokha kuti munasambapo kunyanja, m'dambo kapena mumtsinje, ndipo pemphani kuti akuyezeni likodzo. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndipo m'kabotolomo mulowenso madontho omalizira, chifukwa mazira amachuluka mmenemo. Ngati mkodzo sunaonetse kanthu koma zizindikiro zikuloza komweko, funsani ngati angayeze umuna. Mankhwala ake ndi praziquantel, amaperekedwa potengera sikelo ya munthu, 40 mg pa kilogalamu iliyonse. Bambo wolemera makilogalamu 60 amamwa mapilisi 4 a 600 mg. Ndi aakulu komanso owawa, choncho idyani kaye nsima musanamwe, apo ayi mumva chizungulire ndi nseru. Dziwaninso kuti mankhwalawa sapha nyongolotsi zazing'ono. Ngati mwangochoka kumene kunyanja, kumwa mawa lake sikuthandiza, pamafunika papite milungu 6 mpaka 8.

5. Musagule makapisozi, musayambe ndi mizu

Chinzonono chimaonekera msanga, pakangopita masiku ochepa munthu atagonana mosadziteteza. Koma matenda ena opatsirana pogonana, monga chlamydia ndi trichomonas, amatha kukhala phee, chizindikiro chokha n'kukhala kakuotcha kaja potulutsa umuna kapena pokodza. Amuna ambiri akamva zimenezi amatuma mwana kukagula makapisozi awiri pagolosale kapena pamsika. Ululu umazilala, tizilombo osafa. Kenako timakwera kukafika kumachende, ndipo tikatseka timachubu ta mbewu munthu amavutika kubereka. Kwa mayi zimakhala zoopsa kuposa apa, chifukwa timatha kuwononga njira za mazira iwo osamva kanthu. Komanso chinzonono cha masiku ano sichimvanso mankhwala ambiri akale. Chinasiya kuwamva chifukwa cha kamwedwe komweka ka theka-theka.

Pali chifukwa china chofulumirira. Kafukufuku amene anachitika ku Lilongwe n'kufalitsidwa mu 1997 anapeza kuti amuna okhala ndi HIV amene analinso ndi kutupa kwa njira ya mkodzo anali ndi tizilombo ta HIV tochuluka mu umuna ka 8 kuposa anzawo, ndipo kutupako kutachizidwa tizilomboto tinachepa. Choncho akakuuzani kuti muyezetsenso magazi, vomerani.

Za mizu nazo ndinenepo. Ena amati ndi kanyera, ena amati wina watchera. Sindikunyoza makolo athu, koma gondolosi sachotsa mazira a likodzo, ndipo zopakapaka zogula m'mabotolo opanda dzina zimatha kuotcha khungu n'kuwonjezera vuto. Yambani mwayezetsa.

6. Kuchipatala: nenani chimene mwabwerera

Tengani kabuku kanu ka kuchipatala muyambire pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ndi ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni. Vuto likawakulira, iwo ndiwo adzakulemberani kalata yopita ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

Pali chinthu chimene chimachitika kawirikawiri. Bambo aima pamzere kuyambira m'mamawa, alowa m'chipinda, apeza kuti wowathandiza ndi namwino wa msinkhu wa mwana wawo. Afunsidwa chavuta n'chiyani, iwo ayang'ana pansi n'kunena kuti, "Thupi lonse likungophwanya." Ayezedwa malungo, apatsidwa Panado, abwerera kunyumba ndi vuto lomwe lija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Konzekeranitu chiganizo chimodzi: "Ndikumamva kuwawa potulutsa umuna, papita milungu itatu." Chikakukanikani pakamwa, perekani kapepala kaja awerenge okha. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuoneni wachipatala wamwamuna ngati alipo, ndiponso kuti chitseko chitsekedwe.

Nenani zoona za anthu amene mwagonana nawo miyezi yapitayi. Tchulani mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa ena amabweretsa vutoli, makamaka a matenda a nkhawa ndi kukhumudwa monga fluoxetine, komanso amitriptyline amene amaperekedwanso kwa anthu omva kuotcha kwa mapazi. Musawasiye panokha, dokotala akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha. Mankhwala a prostate monga tamsulosin amachepetsa umuna wotuluka, kapena umuna osaoneka n'komwe. Zimenezo zimadabwitsa koma sizivulaza. Ngati munachitidwapo opaleshoni ya hernia (chotupa cha matumbo otulukira pachinena), ya prostate kapena yotseka abambo, nenaninso. Ngati muli ndi matenda a shuga, musaiwale, chifukwa shuga amawononga mitsempha ya kumeneko.

Adzakuyang'anani kumaliseche, adzagwira machende, adzayeza mkodzo. Mwina adzavala golovesi n'kulowetsa chala kotulukira chimbudzi kuti amve prostate. Amuna ambiri amathawa pamenepa, koma zimatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi ndipo zimamuuza dokotala zambiri. Pumani mozama, masukani, zitha.

Akapeza kuti ndi matenda opatsirana pogonana, mudzalandira jakisoni ndi mapilisi. Malizani onse ngakhale ululu utatha pa tsiku lachitatu. Akazi anu, ndi wina aliyense amene mwagona naye, alandirenso mankhwala ngakhale sakumva kanthu, apo ayi mudzangobwezerana. Dikirani masiku 7 nonse mutamaliza mankhwala musanayambirenso kugonana. Ngati ndi prostate imene yalowa tizilombo, mankhwala amatenga nthawi yaitali, milungu 2 mpaka 4, nthawi zina kuposerapo, chifukwa salowa msanga m'kachiwalo kameneka.

Ambiri amene amabwera ndi vutoli amakhala akuopa khansa mumtima. Ululu potulutsa umuna si kawirikawiri kukhala khansa. Komabe ngati mwapitirira zaka 50, mkodzo ukutuluka mofooka kapena modukizadukiza, kapena mwaona magazi mu umuna kangapo, funsani kuti aunike prostate bwinobwino.

7. Ngati vuto lili pakhungu

Nthawi zina ululu suli m'kati ayi. Khungu la kunsonga likakhala lothina, kapena kamnofu ka pansi pa mutu kakakhala kafupi, pamang'ambika pang'ono pogonana ndipo umuna ukakhudza pamenepo pamaotcha. Mutu wa chida wofiira, woyabwa, wokhala ndi zoyerayera pansi pa khungu, nthawi zambiri ndi mauka, ndipo akamabwererabwerera yezetsani shuga. Tsukani ndi madzi okha kamodzi patsiku n'kupukuta bwino. Sopo wochapira, Dettol ndi mandimu musayandikize pamenepo.

Kuuma pogonana kumavulaza onse awiri. Musapupulume, apatseni akazi anu nthawi kuti thupi lawo likonzeke, ndipo zoumitsa kumaliseche muzikane. Ngati kuuma kukupitirira, gulani ku famase mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Vaseline ndi mafuta ophikira zimang'amba kondomu. Amuna ena khungu lawo siligwirizana ndi mphira wa kondomu kapena mafuta ake, ndipo kusintha mtundu kumathandiza. Kusiya kondomu si yankho.

Khungu lothina limathetsedwa ndi mdulidwe wa kuchipatala, umenenso umachepetsa mpata wotenga HIV ndi pafupifupi 60 peresenti. Mukadulidwa dikirani milungu 6 yonse musanagonane, ndipo musadabwe mutu ukamachita nyesi pokhudzana ndi kabudula m'masabata oyamba. Umazolowera.

8. Ayeza zonse, sanapeze kanthu, koma kukuwawabe

Izi zimachitika kwa amuna ambiri ndithu, ndipo sizitanthauza kuti mukunama kapena mwalodzedwa. Minofu ya pansi pa chiuno imatha kukhala yokungika nthawi zonse, ndipo mtsempha wodutsa pamenepo umatha kupanikizika. Ganizani za wakabaza amene amakhala pa chishalo cholimba kuyambira 5 koloko m'mawa, kukwera ndi kutsika zitunda za ku Bangwe ndi Chilobwe pamsewu wa mabampu, kulemera kwake konse kuli pakati pa miyendo. Ganizaninso za dalaivala wa minibasi amene amasunga mkodzo kuyambira ku Limbe mpaka kubwerera chifukwa choopa kuluza pasenjala. Madzulo minofu imeneyo ikafinya pachimake, siingalephere kuwawa.

Zothandiza ndi izi. Thirani madzi ofunda m'beseni lalikulu, ofunda osati otentha, mukhalemo mphindi 15 mpaka 20 madzulo aliwonse. Ikani kansalu kapena siponji pachishalo, ndipo muzitsika n'kuyenda pang'ono pakatha ola lililonse. Musasunge mkodzo. Imwani madzi okwanira, idyani masamba ndi zipatso kuti musadzimbidwe, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumakunga minofu yomweyo. Yesani kusiya mowa, tsabola, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu kwa milungu iwiri muone ngati pali kusintha. Kwa ena kumakhalapo, kwa ena ayi.

Phunzirani kumasula minofuyo. Gonani chagada, pindani mawondo, ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya pang'onopang'ono mimba ifufume, ndipo pamene ikufufuma lekererani kunsi kumasuke monga mmene mumachitira poyamba kukodza. Chitani zimenezi mphindi 5, kawiri patsiku. Masewera ofinya minofu ya kunsi amene anthu amatumizirana pa WhatsApp kuti amawonjezera mphamvu za abambo muwasiye kaye, kwa munthu wa vuto ili amawonjezera ululu. Chizolowezi chotsekereza umuna pofinya chida kapena kudzigwira mwamphamvu pachimake nachonso chisiyeni.

Panado amathandiza. Bulufeni amathandizanso mukamwa mutadya, koma osati ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso, ndipo si womwa tsiku ndi tsiku kwa milungu. Nkhawa nayo imalowererapo: munthu akawawidwa kamodzi, ulendo wotsatira amalowa atakungika kale, ndipo kukungikako kumabweretsa ululu wina. Ngati mankhwala a tizilombo mwamwa kawiri osasintha, musapemphe achitatu. Funsani za dokotala wa njira ya mkodzo ku Gulupu kapena a mafizo.

9. Auzeni mayi a kunyumba

Sankhani nthawi ya masana kapena madzulo ana atagona, osati pakati pa zochitika. Mawu ochepa ndi okwanira: "Mayi, pali chimene chikundiwawa tikamakhala limodzi, si inu ayi, ndikufuna tipite kuchipatala." Musayambe ndi kuloza chala. Likodzo, prostate ndi minofu yokungika sizichokera kwa mkazi, ndipo ngakhale matenda opatsirana amatha kubisala miyezi yambiri mwa aliyense wa inu. Ngati mukudziwa kuti inu ndi amene munayenda panja, nenani, chifukwa thanzi lawo ndi kubereka kwawo zili pachiswe. Zikakuvutani, aphungu a kuchipatala amathandiza mabanja kukambirana zoterezi.

Pamene mukuchira mukhoza kugona limodzi, kugwirana ndi kusangalatsana popanda kukakamiza kuti mpaka umuna utuluke. Mukayambiranso, yesani kagonedwe kamene sikakupanikizani kunsi, monga kugona chammbali, ndipo mukodze musanayambe. Pitirizani kulemba masiku amene ululu wabwera ndi kukula kwake. Mukamaliza mankhwala koma pakatha sabata imodzi palibe kusintha, bwererani pa chipatala chomwe chija ndi kabuku kanu ndi zolemba zanuzo, kuti amene akuoneni aone zimene zayesedwa kale ndipo akulembereni kalata yopita patsogolo.